Kanjere pa siketi ya Tadala

Maloto a dzulo akundisowetsa mtendere. Ndinalota ndili kumunda, udzu uja wa njere zaminga utandifika m'chiuno, ukundilasa m'miyendo. Kenaka ineyo ndinasanduka kanjere kamodzi kouma, timinga tanga topindika ngati mbedza. Mwana wanga Tadala anadutsa atanyamula chikwama, ine n'kukakamira pa siketi yake. Tinakwera basi yonunkha dizilo. Atandipeza, anandizula ndi zikhadabo, n'kunena kuti, "Amayi, mukundibaya." Anandiponya pawindo, ndipo ndinagwera pamsewu wa tala, pomwe sipamera kanthu.

Kaya akutanthauza chiyani maloto amenewa. Tadala anyamuka Loweruka kupita ku Joni kukafuna ntchito. Lero ndamusitira siketi ija, ndipo sindinamufunsenso kuti adzabwerako liti.