Dengu la Nsalu za Kadinala

M'mawa umenewo ndinatunga madzi, n'kukanda ufa wa buledi, n'kuviika nyemba, kenako ndinachapa mikanjo ya abwana athu, Bambo Oddone, wansembe wa kunyumba ya Apapa. Nditaanula nsalu n'kuziika m'dengu, ndinagoneka khanda langa Perna momwemo pabwalo, n'kumufunditsa bulangete bwinobwino poti kunkazizira.

Ndili kukhitchini, mwamuna wanga Cencio, wosamala abulu a pakhomopo, analowa ali wefuwefu.

"Amake Perna, Apapa atchula makadinala atsopano. Abwana alimo! Chipewa chofiira!"

"Nanga mukunjenjemereranji? Si mwayi umenewo?"

"Mwayi wa ndani? Bisa miphika!"

Apo m'pamene ndinakumbukira. Kuno ku Roma munthu akakwezedwa chotere, anthu amabwera kudzakokolola za m'nyumba mwake, ati zakale sazifunanso. Ndinkangomva, ndinali ndisanaonepo.

Chitseko chinagwa. Sanali akuba ayi, anali anansi athu omwe, akuimba ndi kutamanda Mulungu. Wina mpando pamutu, wina nkhuku m'khwapa, wosula zitsulo akugubuduza mgolo wa vinyo. Ine ndinakakamira mphika wanga mpaka anandilanda. Potulukira pabwalo, dengu panalibe.

Ndinathamanga mumsewu ndikuvundukula dengu lililonse, eni ake akunditukwana. Pafupi ndi mlatho ndinamva kulira kumene ndimakudziwa. Kunkachokera pamutu pa Sabbatina, mayi wogulitsa nsomba.

"Achemwali, tulani dengulo!"

"Iii, kapezeni lanu, mayi! Munali kuti anzanu akutola?"

"Muli mwana wanga m'menemo!"

Anatula, navundukula, kukamwa yasa.

"Mayi Maria! Ine ndimati kulemeraku ndi zikho zasiliva."

"Zikho zimalira?"

"M'phokoso lino munthu angamve chiyani?"

Anandipatsa Perna, nkhope ili psuu ndi kulira. Kenako, ine ndikuona, anasenzanso dengu lija.

"Bulangete lokhalo ndipatseni, ndi la mwana."

"Latuluka m'nyumba ya kadinala, mayi. Mwambo ndi mwambo."

Ndinam'kulunga mwanayo m'mpango wanga wa kumutu n'kubwerera.

Abwana atamva anaseka, ati anthu awaonetsa chikondi. Sabata isanathe anali ndi mipando yatsopano. Ife zathu zinapita izi: bulangete lija, lomwe linali lokhalo, mphika umene anandisiyira malemu mayi anga, nsapato za Cencio, ndi dzino lake lakutsogolo. Perna anatsokomola mpaka Khirisimasi itadutsa. Masiku ano ndimachapa ali kumbuyo.