Kandege ka a Dunstan pa Ndime ya Mpunga

Amuna anga a Dunstan, okonza mawailesi pa Kachulu, anali ndi nzeru zochuluka moti m'nyumba mwathu zinkasowa pokhala. Chaka cha 1989 anapanga kandege ka bango ndi pulasitiki, n'kuikamo kamota ka mu wailesi ya kaseti, kuti kazizungulira pa chingwe n'kumaingitsa mpheta pa ndime yathu ku Likangala. Ndime yake imodzi yomweyo, mpunga woti tidye chaka chonse.

Kanauluka ndithu. Mphindi zitatu, mabatire n'kutha, phwa! m'matope.

"Vuto ndi mabatire, mayi a Jenifa," anandiuza. "Koma dzuwa n'laulere."

Anazungulira Zomba yense kutolera makakyuleta akufa, n'kumachotsa timagalasi totapa mphamvu ya dzuwa tija, kumata pamapiko. A tcheyamani a chipani anabwera kudzaona ngati kandegeko sikatumiza mauthenga kunja. Anaseka mpaka kutsokomola, n'kutigulitsa khadi lina la chipani, ati la kandege.

Tsopano kankauluka kuyambira teni koloko mpaka fili, osatera. A injiniya angawo anakula mtima. Anandimasulitsa chingwe changa cha zitini zoopsezera mbalame, ati chikukola mapiko.

"Zitini n'zachikale. Pitani kumaliro a azakhali anu ku Songani, mukhaleko mpaka kusesa. Kuno kuli sayansi."

Ine, chitsiru, ndinapita.

Abale, anaonapo mpheta ikudya masana dzuwa lili pamutu ndani? Mpheta imabwera m'bandakucha, imabweranso dzuwa likapendeka. Masana imakhala phee m'mabango. Mwana aliyense wa kudambo amadziwa, koma a Dunstan anakulira ku Ndirande, mpunga anaudziwira m'mbale. Iwo ankafika kumunda teni koloko ndi wotchi, kudzawerenga maola. Nthawi imene mpheta zinkadya, kandege kanali gone pamzere, kudikira dzuwa ngati buluzi.

Ndinabwerako tsiku lachisanu ndi chimodzi. Ndili chapatali mtima unangoti myuu. Mpunga wa anzathu unali utaweramitsa ngala chifukwa cholemera, wathu uli njo, kuloza kumwamba.

A Dunstan anandithamangira, mano onse pamtunda.

"Maola asanu ndi theka, mayi a Jenifa! Lero kaphwanya mbiri!"

Ndinathyola ngala imodzi, kufikisa m'manja, kuuzira. Zonse zinauluka, mankhusu okhaokha. Ndinathyola ina, kenako ina, mpaka kumapeto kwa ndime. Kumeneko ndinakhala pansi m'matope n'kuyamba kulira, kandege kakuzungulirabe pamwamba panga, osatopa.