Makomo Awiri, Nyumba Imodzi

Kachipinda ka bungwe logawa mbewu ku Milange kanali ndi zenera limodzi, nalonso la zitsulo. Pakhomo anthu anali atadzaza, posowa poponda. Nelsa anali mkati ndi kompyuta, thukuta lili kamukamu.

Ambiri obwerera kwawo nkhondo itatha anali ndi mayina awiri. Lina la ubatizo, la Chipwitikizi. Lina limene alembi a kumsasa ku Malawi analemba pa khadi. Pulogalamu yolembera anthuwa anaipanga Nelsa yemweyo. Anayamba ndi bokosi la dzina la pa khadi. Pofuna la dzina la ubatizo, anangokopera loyambalo, nkuliika pansi pake. Ntchito yatha.

Pazenera panafika bambo wachikulire wa ku Majaua.

"Mwanangu, akuti pamndandanda ine palibe. Ndayenda masiku awiri."

"Dzina lanu, bambo?"

"Liti? Wansembe anati João Baptista. Kumsasa anandibatizanso opanda madzi, Yohane Batisita."

Nelsa anafufuza. João analipo. Yohane kunalibe.

Basílio, woyang'anira lole ya mbewu, anasuzumira pamwamba pa mitu ya anthu.

"Mana Nelsa, mlongo wanga, dzina la pa khadi likasiyana ndi la pamndandanda, thumba silituluka. Dzuwa likafika paliwombo ndanyamuka. Mvula sidikira kompyuta yako."

Nelsa anatsegula mizere ya pulogalamu. Anawerenga kawiri. Cholakwacho anachiona. Pamaso mabokosi anali awiri, inde. Koma lokopera lija linatengera zonse za mnzake, ndi malo osungira dzina omwe. Makomo awiri, nyumba imodzi. Dzina lolowa pambuyo limathamangitsa loyamba. Masabata atatu akulemba, mayina onse a pa makadi anali akufufutika mwakachetechete.

Kukonza kunali kwa mzere umodzi. Bokosi lachiwiri analilozetsa malo akeake. Koma mayina otayika sanabwerere. Mabanja mazana anayi.

"Wandipeza, mwanangu?"

"Ndinakutayani ndine, bambo. Patseni khadilo."

Analemba Yohane pamwamba, João pansi. Onse awiri anakhala. Makina osindikiza analira, pepala linatuluka. Basílio analiyang'ana, nayang'ana khadi, nagwedeza mutu.

"Thumba limodzi, madala. Musati poti mayina ndi awiri."

"Onsetu amadya," anatero bamboyo, akupinda pepala lake.

Atatembenuka anauza amene anali pambuyo pake kuti apereke makadi awo alembedwenso. Uthenga unayenda mpaka kumsewu. Posakhalitsa manja analowa pakati pa zitsulo, lililonse ndi khadi lake lothetheka, mpaka kuwala kwa pazenera kunatsekeka.

Nelsa anayang'ana kukhomo. Kunalibe podutsa. Kunja Basílio anali atayamba kale kuliza injini.

Nelsa anakoka mpando, natenga khadi loyandikira.

"Mayi, kutsidya ankakuitanani ndani?"