Mawu Opanda Mwini

Ku khonsolo ankamutchula Mlatho, chifukwa ntchito yake inali yotenga zimene akatswiri a ku yunivesite apeza n'kukazitula patebulo la makhansala. Dzinali linayamba ngati chipongwe, koma iye analikonda. Pa mlatho pamadutsa anthu, ndipo chaka chimenecho panadutsa mnyamata wina wowonda, wofufuza za ngalande za mumzinda, amene atsikana a mu ofesi anamupatsa dzina loti Magalasi. Mlatho anali asanamuuzepo zakumtima kwake. Ankangomusungira mpando woyandikana ndi wake pamisonkhano, n'kumamvetsera mmene ankatchulira matope ngati akutchula maluwa.

Tsiku lopereka zotsatira za kafukufuku, chipinda chinatentha ngati uvuni. Mazenera anamatika ndi penti kalekale, fani inkazungulira mwaulesi, ndipo wapampando atangolowa mlonda anakhoma chitseko, monga zimakhalira pa zokambirana zam'kati.

Magalasi anafotokoza mosathamanga. Msika waukulu sumasefukira chifukwa cha kuchuluka kwa mvula, anatero, koma chifukwa pamwamba pa ngalande panamangidwa timashopu, ndipo madzi akasowa njira amathamangira kumzere wa amayi ogulitsa masamba. Anaonetsa mapu. Anaonetsa zithunzi za mapazi otupa, a zilonda pakati pa zala. Kenako pakhoma panaoneka mawu a mmodzi mwa amayi amene anacheza nawo:

"Madzi awa amaidziwa miyendo yanga kuposa malemu amuna anga. Tinawauza akulu a msika, anati tigule jombo. Mashopuwo analoleza ndi iwowo, ine ndinalipo."

Makhansala anaseka. Mlatho sanaseke. Nthabwala ya miyendoyo anali ataimva kambirimbiri kunyumba, amayi ake akamaviika mapazi m'beseni la madzi amchere poweruka kumsika.

Pakona panakhala mkulu wa msikayo, mlamu wake wa wapampando, yemwenso ankagawa malo ogulitsira. Ankangosewera ndi makiyi.

"Achimwene a ku yunivesite," anatero wapampando, "mayi woseketsayu ndani?"

"Sindingamutchule, bwana. Tisanayambe kucheza ndi munthu timamulonjeza kuti dzina lake silituluka. Popanda lonjezolo palibe angatiuze zoona."

"Ndiye mwatibweretsera mzukwa?"

"Ife kuno woneneza mnzake amaimirira, timuone nkhope," anatero khansala wina wadazi. "Apo ayi, nanenso mawa ndilemba pakhoma kuti mayi wina wati ndine wokongola."

"Mayi ameneyo ndiye wofunika kumuyeza maso," anayankha khansala wamkazi, ndipo chipinda chinasekanso.

Wapampando anapukuta thukuta, n'kutembenukira kwa Mlatho.

"Mwana wanga, anthuwa unabwera nawo ndiwe, komanso unakulira kumsika komweko. Mayiyu ukumudziwa? Dzina limodzi lokha, aime pano anene yekha, ife tikagwetsa mashopuwo. Popanda dzina, kafukufukuyu akagona mu kabati."

Makiyi aja anasiya kulira.

Mlatho anayang'ana chitseko. Mlonda anali atachitsamira, maso ali kudenga. Akatchula dzina, mwina ngalande itseguka, koma malo amene amayi ake anagulitsirapo iye akali kumsana atha. Mkulu wa msika sakanachita kukalipa ayi, akanangowasamutsira kuseri kwa zimbudzi, kumene ngakhale wogula wosochera safikako. Akakhala chete, mvula inali pafupi, ndipo zilonda za chaka chatha zinali zisanapole.

Anatsegula pakamwa.

Pansi pa tebulo, dzanja linagwira dzanja lake.

Miyezi yonseyi Mlatho ankalilota dzanja la Magalasi limeneli. Ankaliona likumugwira powoloka msewu, kapena pansi pa ambulera imodzi, mvula ikuwaza. Tsopano linali litabwera, lofunda monga ankaganizira, koma linamugwira ngati loko. Magalasi sanamuyang'ane n'komwe. Maso ake anali pamapu.

"Sindikumudziwa, bwana," anatero Mlatho.

Wapampando anatseka faelo. Nkhaniyo idikire, anagamula, mpaka padzapezeke umboni wokhala ndi nkhope. Mlonda anatsegula chitseko, koma mphepo sinalowe.

Mukhonde, anthu atamwazikana, Mlatho anafunsa Magalasi motsitsa mawu.

"Munadziwa liti kuti ndi amayi anga?"

"Tsiku lomwe ndinacheza nawo. Mumaseka mofanana."

"Ndipo simunandiuze."

"Sindikanatha. Ngakhale pano sindinakuuzeni."

"Mukanandisiya ndinene."

"Lonjezolo sindinapangane ndi inu, achemwali. Ndinawalonjeza iwowo." Anavula magalasi n'kuwapukuta ndi malaya. Maso ake opanda magalasi anaoneka otopa, ngati a mwana. "Tiyezanso madzi, tibwera ndi umboni wina umene sangaufunse dzina. Chaka chamawa."

"Mvula mwaiuza?"

Magalasi anangovalanso magalasi ake. Mlatho anafuna kumukwiyira, koma dzanja lake linali likadali lofunda.

Poweruka anadzera kumsika. Mitambo inali itada kumadzulo. Anawapeza amayi ake ataima panjerwa ziwiri kuseri kwa benchi, mapazi atakulunga nsanza, akuwaza madzi pamasamba.

"Amva?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Amva, amayi. Aseka."

"Dzina?"

"Silinatuluke."

"Mnyamata wa magalasi uja ngwaulemu. Uzimupatsa moni wabwino iwe, osati nkhope yako ya kuofesiyo."

Mlatho anali asanayankhe pamene anamva makiyi akulira kumbuyo kwake. Mkulu wa msika ankadutsa mumzerewo pang'onopang'ono, akuyang'ana pansi pa benchi iliyonse. Atafika pa iwo anaima, n'kumwetulira bwinobwino.

"Mayi a Mlatho," anatero. "Miyendo ili bwanji masiku ano?"

Padenga la malata panagwa dontho loyamba.