Mboni za m'Thanki Yachitatu

Fabirika yofufuta zikopa itamangidwa kumtunda kwa mudzi, kuno ku Tsangano, madzi ake ankanunkha moti ngakhale ntchentche zinkatera mokayika. Eni ake anakumba dziwe lalikulu n'kumawasunga m'menemo. Boma linati asawatayire mumtsinje mpaka ataonetsa kuti angathe kuwayeretsa.

Ndiye kunabwera a Injinyera Telma kuchokera ku Tete, mtsikana wowonda ngati sadya, ndi mathanki atatu oyesera. M'thanki yoyamba ankathiramo ufa wina wake woyera, zonyansa n'kudikha pansi. Yachiwiri inali ya mchenga ndi makala. M'yachitatu anaponyamo matemba khumi a mumtsinje.

Wosesa pamalopo anali mayi Doroteia, wamasiye wa ng'ombe ziwiri ndi dimba la mbatatesi kumunsi kwa mtsinje womwewo.

"Tiya, nsombazi ndi mboni zanga," anatero Telma kwa Doroteia, amene ankamuitana tiya, ndiye kuti azakhali. "Kamakina kanga koyezera madzi kamaona zina, zina sikaona. Muzizipatsa gaga m'mawa uliwonse. Ndikufuna zikhale zamoyo."

M'mawa wa tsiku lachinayi Doroteia anapeza matemba awiri atayandama chagada, maso tong'o. Mlendo wochoka kutali, mwana wa eni ake, alandiridwe ndi mitembo asanamwe n'tiyi yemwe? Kwathu kuno sititero. Komanso akanati gaga ndiye wazipha. Anawavuula, n'kutsetserekera kumtsinje ndi chitenje, n'kukokola ena awiri. Pamene Telma ankafika, onse khumi anali piringupiringu.

"Zili bwanji mboni zanga, tiya?"

"Zadzuka bwino, mwanangu. Zikukupatsani moni."

Mawa lake anafa atatu. Mkuja asanu. Akufawo ankawayanika padenga, poti nsomba satayira kudzala. Koma mphaka wake, wakuba uja amene anatha nyama ya pa Natale, Khirisimasi ija, osasiyako n'fupa, anangonunkhiza kamodzi n'kulambalala. Kuyambira pamenepo Doroteia ankawatsekera m'chitini, ndipo akagwira madzi a m'thankimo zala zinkamuyabwa mpaka masana.

Tsiku la trinta, mwezi utakwana, kunafika galimoto. Munatsika a Clemente, shefi, bwana wa fabirika, nsapato zili psee, ndi bambo wina wa kuboma wonyamula mapepala. Doroteia ankasesa chapafupi, makutu ali tcheru ngati mwa nthawi zonse.

"Mwezi wathunthu, palibe yafa ngakhale imodzi," anatero Telma. "Njirayi ikugwira."

"Basitu," anatero a Clemente. "Madzi a m'mathankiwa tiyambe lero kuwatulutsira mumtsinje, ndipo sabata yamawa timange mathanki akuluakulu a dziwe lonse. Amwe anthu, zimwe ng'ombe."

Tsache linaima lokha. Mumtsinje? Mmene adzukulu ake amatunga ndi kusamba? Doroteia ankayesa kuti nsombazo n'zoweta basi, zomusangalatsa mtsikanayo posowa kwawo.

A Clemente anali atagwira kale chigudumu chotsegulira mpope.

"Pepani bambo, taimani." Mawu a Doroteia anatuluka aang'ono ngati a mwana wa nkhuku. Anathamangira kunyumba, si kutali, n'kubwera ndi chitini chija. Anagwada, n'kukhuthula patsogolo pa nsapato zowalazo. Matemba ouma mulu, ena obiriwira m'mimba.

"Ndiwo zimenezi, mayi?" anaseka a Clemente. "Tadya kale."

"Ndi mboni za a Injinyera. Zoyamba zija zinatha sabata yoyamba. Zili m'thankimozi zisanu n'zadzulo, zina n'za m'mawa uno."

Telma ananjuta pansi. Anatola temba limodzi, analitembenuza, analinunkhiza. Milomo inayera ngati wadya ufa.

"Tiya, bwanji osandiuza?"

"Munati mukufuna zamoyo. Ndiye ndimakupatsani zamoyo."

Palibe anaseka. Bambo wa kuboma anabweza cholembera m'thumba la malaya pang'onopang'ono.

"Ndi nkhalamba yosadziwa kuwerenga imeneyi," anatero a Clemente. "Tikhulupirire chitini kapena pepala?"

"Chotsani dzanja pamenepo, shefi," anatero Telma osadzutsa mutu. "Pepala ndinalemba ndine. Ndiyambiranso."

"Masiku ena trinta? Mwaliona dziwe inu?" anafunsa a Clemente.

Onse anacheuka. Madzi akuda aja anali atatsala chikhatho chimodzi kuti afike pamlomo pa khoma ladothi, ndipo pakona yakumunsi, moyang'ana kumadimba, dothi linali litanyowa n'kuchita mng'alu. Chakumadzulo, mbali ya ku Furancungo, mitambo inali itaunjikana bii, kamphepo kakubwera ndi fungo la mvula yoyamba.

A Clemente anachotsa dzanja, n'kulipukuta ndi kansalu.

Doroteia sanadikire kuti amve ngati ntchito ikadalipo. Anasiya tsache pomwepo n'kutsetsereka kukamasula ng'ombe zake m'mphepete mwa mtsinje, akukuwira azimayi a padooko kuti atunge lero, adzaze chilichonse chimene chili ndi pakamwa.