Dzira Laliwisi

Dzira ndinalitenga kukhitchini wophika atatembenuka kukatsuka mpeni. Linali laliwisi, lozizira, ndipo ndinalilowetsa m'thumba la diresi mosamala ngati kamwana ka mbalame. Potuluka ndinakumana ndi Chithunzithunzi pakhomo.

Chithunzithunzi ndi mlonda wanga, mayi wamtali wosaseka amene boma linandipatsa. Dzinalo ndinamutcha ndine, chifukwa kulikonse kumene ndapita iye amakhala kumbuyo kwanga: kusitolo, kokonzetsa tsitsi, ngakhale pakhomo pa bafa.

"Mumafuna chiyani kukhitchini m'mawa uno, achemwali?"

"Madzi."

"Madzi ali kuchipinda kwanu."

"Amenewo munawayeza kale. Ndimafuna osayeza, ndimve kukoma kwake."

Anandiyang'ana m'maso, kenako pathumba. Anandipatsa njira.

Bambo anga anali mtsogoleri wa dziko. Pampando anachoka kalekale, koma lamulo silinawachoke. Lamulo loteteza atsogoleri limati iwo pamodzi ndi onse a m'nyumba mwawo azilonderedwa mpaka imfa. Limatinso munthu amene anaukirapo mtsogoleri asadzayandikirenso mtsogoleriyo kapena wa m'nyumba mwake, apo ayi akaseweza zaka khumi. Mayi anamwalira ndili wamng'ono, choncho a m'nyumba mwa bambo ndi ine ndekha.

Ndipo mnyamata amene ndimamukonda anagendapo bambo ndi dzira.

Tinali limodzi kukoleji. Ankajambula mbalame m'mphepete mwa mabuku ake onse, ine n'kumamutcha Wapenti. Chaka chimene bambo anatseka kolejiyo chifukwa cha zionetsero, iye anaima pamsewu ndi anzake mdipiti wa galimoto ukudutsa, n'kuponya dzira. Anaphonya. Linakasweka pa tayala la galimoto ya alonda. Komabe anakhala m'ndende zaka ziwiri. Atatuluka tinayesa kukumana m'sitolo ya mabuku. Sanandigwire n'komwe dzanja. Alonda anamugwetsera pansi, bondo pamsana, ndipo woweruza anamuuza kuti chisoni chathera pomwepo.

Kuyambira pamenepo lotilankhulira ndi khoma. Wapenti amalemba zikwangwani za masitolo, ndipo pamsewu umene galimoto yanga imadutsa pali khoma lalitali la fakitale yakale. Pamenepo amajambulapo mbalame. Alonda amangoona zokongoletsa msewu. Ine ndekha ndimadziwa kuti mbalame zonsezo zimayang'ana mbali ya kwathu. Koma sabata yatha panatuluka yatsopano, yofiira, yotambasula mapiko, yotembenukira kwina. Ndinaopa kuti akunditsanzika. Munthu amatopa nako kudikira.

Tsiku lomwelo ndinapita kwa bambo.

"Adadi, kauzeni a ku ofesi kuti sindinenso wa m'nyumba muno. Alonda andisiye."

"Ndikane mwana wanga? Chifukwa cha wogenda mazira?"

"Chifukwa cha ine."

"Ukudziwa kuchuluka kwa anthu kunjaku amene amalavula akamva dzina langa? Lamulo limeneli ndinasaina ndekha, ndipo posainapo ndinkaganiza za iwe."

"Ndiye munandimangira khola labwino."

"Khola lake ndi lofolera," anatero, n'kubwerera ku nyuzipepala yawo.

Kukwatiwa kukanandimasula, koma ukwati wake uti, mkwati ataima kutsidya kwa msewu? Ndinaganiza mpaka mutu kutentha. Kenako ndinaona khomo limene linali poyera nthawi yonseyi. Lamulo limene likuthamangitsa Wapenti likhoza kundithamangitsanso ine. Woukira mtsogoleri sakhala m'nyumba mwake, ndipo boma silimulondera. Nditaliona khomolo ndinalira, chifukwa ndinadziwa kuti wotulukira pamenepo sabwereranso.

Ndinasankha Lolemba. Lolemba m'mawa a Kaputeni, mkulu wa alonda onse, amabwera kudzapereka lipoti bambo akumwa tiyi. A Kaputeni ndi munthu amene anamangitsapo mlamu wawo weniweni. Chimene aona sabisa.

Nditalowa m'chipinda chodyera ndinawapeza ataima pafupi ndi zenera, chipewa kukhwapa. Bambo anali atavala malaya oyera. Ankapaka batala pa buledi wanga, atadula kale m'mbali mwake mouma, monga ankachitira ndili mwana.

"Khala pansi udye, mayi wanga. Wawonda ngati kandulo."

Ndinakhala. Dzira linali litafunda m'thumba, likundigunda pantchafu. Chithunzithunzi anaima kumbuyo kwa mpando wanga. A Kaputeni ankafotokoza za babu la pageti limene linapsa.

"Adadi," ndinawadula mawu, "ndikupemphanso komaliza. Ndimasuleni."

"Nkhani imeneyo tinatseka."

"Munatseka nokha."

"Pali alendo pano. Idya."

Ndinaimirira. Ndinatulutsa dziralo, ndinayang'ana batani lachitatu la malaya awo, n'kuponya.

Phwa!

Chikasu chinayenderera pachifuwa pawo mpaka pa lamba. Chikamba chinagwera m'kapu ya tiyi. Wophika, amene ankalowa ndi mbale, anabwerera chambuyo osatembenuka. Chithunzithunzi anandigwira pamkono, koma mofewa, ngati akundiolotsa msewu. Pamenepo ndinazindikira kuti dziralo analiona kalekale, ndipo akanafuna akanaligwira lisanachoke m'manja.

A Kaputeni anatsokomola.

"Bwana, ndiyenera kudziwa. Ngati dzirali lawapulumuka mwangozi, nkhani ithere pompano. Ngati achita dala, tiwapereka kupolisi, ndipo pakhomo pano sadzapondaponso."

"Ndachita dala!" ndinakuwa. "Mwaona nokha, a Kaputeni. Kapena maso anu apsa limodzi ndi babu la pageti?"

"Sindikufunsa inu, achemwali. Zikachitikira m'nyumba, lamulo limamva mawu a mtsogoleri."

Zimenezo sindinkazidziwa. Mtima unagwa. Ndiye kuti bambo akangoti ngozi, ndibwerera kuchipinda kwanga, mbalame yofiira n'kuuluka.

Bambo sanapukute malaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali, ndipo nkhope yawo sinali ya pa zithunzi za m'maofesi ija. Inali ya nkhalamba imene yatsala ndi mwana mmodzi.

"Ukudziwa kuti ukhoza kukalowa m'ndende?"

"Ndikudziwa. Kumeneko amauza munthu tsiku lotuluka."

"Ndikadwala sudzaloledwa kuchipatala."

"Ndikudziwa, Adadi."

"Ndikafa udzaima kunja kwa mpanda."

Sindinagwetse maso. "Ndidzalira mokweza. Mudzamva."

Anaseka pang'ono, kuseka kopanda mawu. Anatenga buledi uja, anamukulunga m'kansalu ka patebulo, n'kumukankhira kwa ine.

"Tenga. Ndikangoyankha funso la a Kaputeni, sindiloledwanso kukupatsa kanthu."

Ndinamutenga. Ndinkafuna kuwagwira dzanja, koma anali atalibweza kale.

"Kaputeni," anatero ndi mawu awo akale a pa wailesi aja, "wachita dala. Ndinamuona akuloza kaye asanaponye." Kenako anatembenukira kwa ine, misozi ili lengelenge m'maso. "Ukamuuze mnyamata wakoyo kuti kugenda ndi kumeneku. Iye uja anangowononga dzira."

Chithunzithunzi anandiperekeza mpaka pageti, pamene galimoto ya polisi inadzaima. Anandikonza kolala ya diresi.

"Muziyang'ana mbali zonse powoloka msewu, achemwali. Simunazolowere."

Ndinalowa m'galimotomo. Titanyamuka ndinacheuka. Bambo anali ataima pakhonde, malaya akadali achikasu, ndipo Chithunzithunzi anali pageti, osanditsatira. Ndinayang'anabe mpaka mpanda unawabisa onse awiri.

Njira ya kupolisi imadutsa pafakitale yakale. Ndili patali ndinaona makwerero atatsamira khoma, ndipo pamwamba pake panali Wapenti ndi ndowa ya penti woyera. Mbalame ziwiri zinali zitafufutidwa kale.

Mazenera a galimoto za kwathu satsika. Koma la galimoto ya polisiyi ndinangopukusa chogwirira, n'kutsika. Ndinatulutsa mutu wonse.

"Wapenti! Iwe Wapenti! Usafufute!"

Anatembenuka, makwerero n'kugwedera.

"Ndagenda adadi ndi dzira! Sindinaphonye! Ubwere kupolisi, ukhoza kundiyandikira tsopano!"

Burashi inamupulumuka, n'kumwaza penti pansapato za munthu wodutsa. Sanatsike makwerero onse, anadumpha, n'kuyamba kuthamangira galimoto yathu, anthu akumutukwana.

"Lowetsani mutu, achemwali," anatero wapolisi. "Mwaiwala kuti ndinu omangidwa?"

"Sindinaiwale, bambo. Koma chepetsani liwiro pang'ono. Munthuyo sathamanga bwino."

Wapolisiyo anayang'ana pagalasi, anapukusa mutu, n'kuchotsa phazi pamoto. Ine ndinamasula kansalu kaja. Buledi anali ataphwanyika m'manja mwanga, batala atasungunuka. Ndinamudya yense, misozi ikugwera pomwepo, mutu uli kunja kwa zenera.