Paipi ya M'khoma la a Levulo

"Kabwera! Kamzere kamodzi kabwera, musandigunde!"

Mphunzitsi, monga ankamutchulira mwana wamwamuna wa m'nyumbamo, anali chiimire pakati pa kolido, dzanja lili m'mwamba, foni ili kunsonga kwa zala. Anasuntha phazi limodzi kulowera kuchipinda cha mayi ake, kamzere ka netiweki kaja n'kuzima. Atabwerera m'mbuyo kanayakanso. Kuyambira m'mawa ntchito inali imeneyi, ndipo bambo ake ankangomuyang'ana ali pampando wawo pabalaza.

"Ukamaliza kuvinako undiuze," anatero bambowo.

"Si kuvina uku, bambo. Ndi makoma anuwa. Wayifayi ikungothera pakhomo la bafa."

"Ndiye kuti makomawo akugwira ntchito yake."

Mumsewu wonsewo bambowa ankadziwika kuti a Levulo. Anali mmisiri womanga nyumba, ndipo ngakhale anali atapuma ntchito, levulo yawo, kachida koonera ngati chomangidwa chawongoka, sinkachoka m'thumba la jekete. Akapita kukacheza kwa munthu, mwininyumba akangotembenuka, iwo ankaiika pawindo kuti aone ngati womangayo anali ndi maso. Nyumba yawo anaimanga okha zaka makumi atatu ndi chimodzi zapitazo. Makoma am'kati omwe anali a njerwa ziwiriziwiri, denga la konkire, ndipo mng'alu sukanaupeza ngakhale utaufuna ndi tochi. Msomali m'khoma, ayi ndithu. Zithunzi za ana zinkakhala pashelefu, kalendala inkangotsamira kabati.

Koma masiku amenewo m'nyumbamo munalibe chimwemwe. Mayi a m'nyumbamo anaterereka m'bafa n'kuthyoka fupa la m'chiuno, chikwama chawo cha paulendo chili chopakira kale. Ulendowo unali wopita kwa Mzime, mwana wawo womaliza, amene anakwatiwa kutali ndipo anali woyembekezera koyamba. Mzime anachira mayi ake ali chigonere m'chipinda chakumapeto kwa kolido, kumene sikunkafika wayifayi ngakhale netiweki ya foni. Tsiku lina Mphunzitsi ndi bambo ake anayesa kuwanyamula pampando kuti akalankhule pabalaza. Anangofika pakati pa kolido, mayiwo n'kukuwa ndi ululu moti anawabwezera pabedi msanga. Palibe anayerekezanso.

Zitatero Mphunzitsi anasanduka mtumiki. Ankalandira mavidiyo a khandalo pabalaza n'kuthamanga nawo kuchipinda. Mayi ankaonera kawiri katatu, kenako n'kubweza foni. "Ameneyu sakundimva," ankatero. Choipa kwambiri chinali chakuti khandalo silinkayamwa bwino, ndipo Mzime ankalira pafoni akufuna mayi ake. Nanga za mabere mkazi angamatume mchimwene wake? Mphunzitsi ankanyamula mafunso theka, theka linalo manyazi n'kuligwetsa m'kolido. Pofika tsiku lakhumi mayi anali atayamba kugona choyang'ana kukhoma, mbale ya chakudya n'kumabwerera momwe yapitira.

Mphunzitsi anali atagula kale kachipangizo kokokera wayifayi n'kukalumikiza pasoketi ya m'kolido. Timizere tinadzaza bwinobwino, iye n'kuyamba kudzitama. Koma atayesa kuimba, nkhope ya Mzime inangouma pafoni, kukamwa kuli yasa, mawu osatuluka. Ndiye Loweruka limenelo anaitana katswiri wa za mawaya a intaneti.

Anabwera mayi wina wamfupi, wa zaka za m'ma fote, atanyamula chikwama cha zida ndi mkombero wa waya wabuluu paphewa. A Levulo anamuyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. Mayiyo atapereka moni anapita pakhoma la pabalaza, naligogoda ndi chala, n'kutchera khutu.

"Anamanga ndani nyumba ino?"

"Ndine," anayankha a Levulo.

"Iii, bambo, munamanga! Ndalowa m'nyumba zambiri, zina ukayetsemula pulasitala amayoyoka. Koma ili ndi khoma."

A Levulo anatsokomola pang'ono n'kuuza mwana wawo kuti aike madzi a tiyi pamoto.

Mayi wa mawayayo anayenda ndi foni yake kuchoka pa rauta, makina otulutsa wayifayi amene anali pashelefu pabalaza, mpaka pakhomo la odwala. Anazula kachipangizo ka Mphunzitsi n'kumupatsa m'manja.

"Aka kamangobwereza zomwe kamva, achimwene. Pamene munakaikapa wayifayi imafika itatopa kale, ndiye kakupatsira zotopa zomwezo. Chofunika ndi waya. Tiuchotse pa rauta, ukafike kuchipinda kwa amayi, kumeneko tikaike kabokosi kena kofalitsa wayifayi. Kabokosiko magetsi ake amadzera m'waya womwewo. Zikatero amayi azilankhula ngati ali pabalaza pano."

"Nanga wayayo adzera pati?" anafunsa a Levulo.

"Ndibowola malo awiri okha. Apa, ndi khoma la kuchipindako. Timabowo take tongolowa chala chaching'onochi."

Nkhope ya a Levulo inasintha. "Mayi, tiyi mumwa, koma makina anu obowolerawo asatuluke m'chikwama."

"Bambo!" anatero Mphunzitsi.

"Ndanena. Lero bowo la chala, mawa mng'alu, mkuja chinyezi. Dzeretsani kudenga."

"Denga lanu ndi la konkire," anatero mayiyo modekha.

"Ndiye uyaleni pansi, udutse pakhomo."

"Ndikhoza kutero. Koma amayi akadzayamba kuyenda ndi ndodo, phazi likadzakola waya ameneyu, mudzanditukwana ndi inu nomwe. Ntchito imeneyo ine sindigwira."

Mphunzitsi anali munthu wofatsa, koma apa zinamukwana. "Bambo, mayi sakudya. Mzime akulira tsiku ndi tsiku. Inu mukudandaula pulasitala?"

A Levulo anatulutsa levulo m'thumba, naitembenuzatembenuza, n'kuibwezanso. Chilungamo chake, mtima unkawapweteka kuposa onse m'nyumbamo. Kungoti munthu amene wakhala zaka zonsezi akukaniza ana kukhoma msomali savomera msanga pamaso pa mlendo.

Ndi pamene mawu anamveka kuchokera kumapeto kwa kolido, chifukwa chitseko chinali chotsegula. Anali ofooka, koma omveka.

"Bambo a Mzime."

Onse atatu anapita. Mayi anali atatembenuka, kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, ndipo ankayang'ana amuna awo.

"Mukukanganirana chiyani? Nanga paipi ya lamya yanga ija?"

"Paipi iti?" anafunsa Mphunzitsi.

A Levulo anayang'ana pansi. Mayi ndi amene anafotokoza, akupumira m'kati. Pomanga nyumbayo iwo anali ndi pakati pa Mzime, miyendo itatupa. Amuna awo anawalonjeza kuti lamya ya m'nyumba, ija ya chingwe, idzakhala ndi inzake kuchipinda kuti asamavutike kuthamangira pabalaza. Anakwirira paipi m'khoma kuchokera pabalaza mpaka kuchipinda. Lamya ya pabalaza inabwera, ya kuchipinda inangokhala ya mawa, mawa. Patapita chaka mayi anadandaula kuti pabowopo pakutuluka mphemvu, a Levulo n'kupamata pulasitala, amvekere n'zongoyembekezera.

"Ndikuyembekezerabe," anatero mayi.

Mayi wa mawaya anadziletsa kuseka. "Bambo, m'paipimo munasiyamo waya wokokera?"

A Levulo anadzutsa mutu ngati atukwanidwa. "Mukundifunsa ine? Paipi yopanda waya wokokera ndi paipi imeneyo?"

Pabalaza sipanavute. Atasuntha shelefu anapeza kachivindikiro koyera pamene pankakhala lamya yakale, ndipo m'kati mwake munali nsonga ya waya wachitsulo, yopindidwa bwinobwino. Koma kuchipinda khoma linali see, losaonetsa chizindikiro chilichonse. Mayi wa mawaya anagwira chikwama chake.

"Ayi," anatero a Levulo. "Khoma langa sagumula munthu wina."

Anapita kukatenga tchizulo ndi hamala yaing'ono. Anayala nyuzipepala pansi, nafunditsa akazi awo nsalu kuti fumbi lisawagwere. Kenako anawerenga ndi chikhatho kuchokera pafelemu ya chitseko, nalemba kamtanda ndi pensulo.

"Si pamenepo," anatero akazi awo ali pabedi.

"Ndinamanga ndine, amayi."

Anaika tchizulo pakamtandapo. Mphunzitsi anaona kuti bambo ake atsinzina pomenya koyamba. Pulasitala anagwa, wolimba ngati mwala. Anamenyanso, nakulitsa, mpaka bowo linakwana chikhatho. M'katimo munali njerwa yokhayokha, yofiira bwino. A Levulo anaima n'kumaliyang'ana bala limene anapanga okha pakhoma lawo, thukuta lili kamukamu pamphumi.

"Mwaiwala," anatero mayi, mopanda kunyoza. "Simunayeze ndi tepi tsiku lija. Munandigoneka pamatumba a simenti pamene pali bedi pano, n'kundiuza kuti nditambasule dzanja. Munati lamya ikhale pamene dzanja langa lafika."

Pang'onopang'ono anatulutsa dzanja m'nsalu muja, lowonda, lokhala ndi chipsera cha singano ya kuchipatala. Analitambasula mpaka zala zinagunda khoma, chapamwamba pang'ono pa katebulo ka mankhwala.

"Apa."

Bedilo linali lisanasunthepo chilowereni m'nyumbamo, poti a Levulo analiika pa levulo ndipo ankaletsa kulikoka. Anasuntha katebulo, nagogoda pamene panali zala za akazi awo. Khoma linalira mosiyana, ngati chitini. Anangomenya kawiri, tchizulo n'kulowa. M'katimo munali kabokosi kachitsulo kadzimbiri, kotsekedwa ndi pepala la thumba la simenti. Atachotsa pepalalo, waya uja anali pomwepo, atakulungidwa ngati anamuika dzulo.

"Eee, koma bambo inu!" anatero Mphunzitsi.

Mayi wa mawaya anapita pabalaza, namangirira waya wake wabuluu kunsonga ya wachitsulo uja, nakulunga tepi, n'kupakapo sopo pang'ono kuti aziterera. A Levulo anamutsatira atanyamula chingwe chawo cha nayiloni chomangira mzere.

"Mumangirirenso ichi."

"Cha chiyani, bambo?"

"Mukakoka wanga uja, m'paipimo mutsala chiyani? Wobwera pambuyo panu adzakoka ndi chiyani?"

Mayiyo anawayang'ana, n'kulandira chingwecho ndi manja awiri. "Mwandikumbutsa ntchito."

A Levulo ankakoka kuchipinda, mayiyo akulowetsa pabalaza, Mphunzitsi ali pakati pa kolido kupatsira mawu. "Akuti kokani!" "Auze asakankhe, angotsatira!" Pena waya anakana, onse mitima m'mwamba. A Levulo anati ndi pokhota pa kuseri kwa bafa, ndipo anabweza pang'ono, napotoza dzanja, n'kukokanso mofatsa. Anatuluka waya wachitsulo wautali, wafumbi, ndipo pamapeto pake panatulukira mutu wabuluu ndi chingwe cha nayiloni pambali.

Kabokosi kofalitsa wayifayi kanali koyera, kozungulira, kukula kwake ngati sosala. Mayi wa mawaya anamangira timapulagi kunsonga zonse ziwiri za waya, nayesa ndi kamakina kake, timagetsi tonse n'kuyaka motsatana.

"Kamafunika masikuluwu awiri pakhoma," anatero mosamala, "koma tikhoza kungokaika patebulopa."

"Kuti kagwere m'kapu ya mankhwala? Bweretsani makina anuwo, amisiri."

Anabowola okha, mabowo awiri, atayeza kaye ndi levulo ngakhale kabokosiko kanali kozungulira. Mphunzitsi anatsegula pakamwa kuti anene zimenezo, mayi wa mawaya n'kumuponda phazi. Kagetsi ka pakabokosi kanaphethira kanthawi, kenako kanakhazikika.

Mphunzitsi anaimba. Foni inangoitana kamodzi, nkhope ya Mzime n'kuonekera, maso otupa, khanda lili paphewa.

"Achimwene, muwauze amayi kuti..."

"Undiuze wekha," anatero mayi, atalanda foni.

Mzime anakuwa, kenako analira, khanda nalo n'kuyamba. Mayi misozi inkatsikira m'makutu poti anali chagada, koma mawu awo anali atabwerera mwakale. "Tamutembenuza ndimuone. Iii, mphuno ya agogo ake! Leka kulira, ndabwera. Wamugwira bwanji mwanayo? Tsitsa chigongono." Kenako anasuzumira pamwamba pa foni. "Amuna inu, tulukani. Mutseke chitseko."

Anatuluka. A Levulo anaima m'kolido n'kutchera khutu, koma sanamve kanthu. Makoma anali awo omwe. Anaperekeza mayi wa mawaya mpaka pageti atamunyamulira chikwama, ndipo pobwerera anakanda simenti pang'ono m'chitini chakale yoti akamatire bala lija pakhoma.

Panatha ola lathunthu chitseko chili chitsekere. Kenako foni ya a Levulo inalira m'thumba, ali pabalaza. Anaiyang'ana, n'kuyang'ana mwana wawo.

"Ndi mayi ako."

"Yankhani, bambo."

Anaiika kukhutu.

"Bambo a Mzime," anatero mawu aja, omveka ngati ali pambali pawo, "mwana wayamwa. Ndipo lamya yanga ija yafika, zikomo, ngakhale yachedwa. Tsopano tandiuzani, m'nyumba muno anthu sadya?"

A Levulo anasiya chitini cha simenti chija pansi, osasamala kuti iuma, n'kulowera kukhitchini.